Thomas Mofolo ndi Buku la Chaka: Pamene Mbiri Ikumana ndi Nthano

Mawu otsogolera

Wophunzira, pa mayeso a nkhani zamchezo ndi zolembedwa mudzakumana ndi mafunso okhudza nthano zomwe apangankhani ake anakhalakodi padziko. Ambiri mwa inu mumasokonezeka pamenepa. Ena mumayankha ngati mukulemba mayeso a mbiri yakale, mukumadzudzula mlembi kuti wanama. Ena mumameza zonse zomwe mlembi wanena ngati kuti ndi zomwe zinachitikadi. Njira ziwiri zonsezi zimakutayitsani malikisi.

Kuti mumvetse bwino kusiyana kwa mbiri ndi nthano yotsamira pa mbiri, tiyeni tione za mlembi wa ku Lesotho, Thomas Mofolo, ndi buku lake lotchedwa Chaka. Iye analemba m'chiyankhulo cha makolo ake, Sesotho, monga momwe alembi athu amalembera m'Chichewa. Mafunso omwe anakumana nawo polemba ndi posindikiza bukuli ndi omwewo muyenera kudzifunsa powerenga nthano yaitali iliyonse yomwe mwapatsidwa.

Kodi Mofolo anali yani?

Thomas Mokopu Mofolo anabadwa mu 1876 ku Khojane m'dziko lomwe pa nthawiyo linkatchedwa Basutoland. Anaphunzira m'sukulu za amishoni ochokera ku Paris, m'dziko la France. Amishoniwa anafika kwa mfumu Moshoeshoe mu 1833 ndipo anamanga mishoni yawo pa Morija. Pamalopa anakhazikitsapo sukulu yophunzitsa aphunzitsi, makina osindikizira mabuku, komanso nyuzipepala ya Leselinyana la Lesotho yomwe inayamba kutuluka mu 1863.

Mofolo anachita maphunziro a uphunzitsi pa Morija pomwepo. Kenaka anagwira ntchito ku nyumba yosindikiza ndi kugulitsa mabuku ya pamishonipo. Ntchito yake ina inali yowerenga zolembedwa n'kumakonza zolakwika zisanasindikizidwe. Choncho ankadziwa bwino njira yomwe buku limadutsa kuchoka m'manja mwa mlembi kufika m'manja mwa wowerenga.

Buku lake loyamba, Moeti oa Bochabela, linayamba latuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala ija, ndipo linasindikizidwa ngati buku mu 1907. Limakamba za mnyamata wotchedwa Fekisi yemwe anatopa ndi zoipa za m'mudzi mwake nanyamuka ulendo wolowera kum'mawa kukafuna Mulungu. Lachiwiri, Pitseng, linatuluka mu 1910. Mabuku awiriwa anawasangalatsa amishoni chifukwa ankagwirizana ndi chiphunzitso chawo. Lachitatu ndi lomwe linabweretsa mavuto.

Mlembi amayamba ndi kuwerenga ndi kumvetsera

Dziwani kuti palibe mlembi amene amatola luso lake m'malere. Mofolo anamwa pa zitsime zitatu. Choyamba chinali Baibulo la m'Sesotho ndi mabuku ena a pamishoni, monga buku la John Bunyan lokamba za ulendo wa Mkhristu, lomwe linali litamasuliridwa kale m'Sesotho. Kumeneko anaphunzirako kalembedwe kofotokoza za munthu woyesedwa, yemwe ayenera kusankha pakati pa chabwino ndi choipa.

Chitsime chachiwiri chinali nkhani zamchezo za Asutu: nthano zokambidwa madzulo, miyambi, ndi ndakatulo zotamanda mafumu. M'nthano zotere zilombo zimayankhula, madziwe akuya amakhala ndi eni ake, ndipo mankhwala amasintha moyo wa munthu.

Chitsime chachitatu chinali zomwe akuluakulu ankakumbukira za nyengo ya chipwirikiti yomwe Asutu amaitcha Lifaqane, ndipo Azulu amaitcha Mfecane. Mtundu wa Asutu unaumbidwa m'nyengo imeneyi, pamene Moshoeshoe anasonkhanitsa anthu othawa nkhondo pa phiri la Thaba Bosiu kuyambira mu 1824. Choncho Mofolo sankalemba ngati Mzulu wotamanda mfumu yake ayi. Ankalemba ngati mdzukulu wa anthu omwe anazunzika m'nkhondozo. Komabe sanangodalira zomva kwawo. Anapita ku Natal kukafufuza za miyambo ndi mbiri ya Azulu. Mfundo iyi muisunge: pofotokoza nthano, dzifunseni kuti mlembi waima mbali iti.

Shaka wa m'mbiri

Tisanaone zomwe Mofolo anapeka, tiyambe taona zomwe akatswiri a mbiri amagwirizana. Shaka anabadwa cha m'ma 1787. Bambo ake anali Senzangakhona, mfumu ya fuko laling'ono la Azulu, ndipo mayi ake anali Nandi. Anakulira kutali ndi bambo ake ndipo anakhala msilikali wa Dingiswayo, mfumu ya fuko la Mthethwa. Cha m'ma 1816, mothandizidwa ndi Dingiswayo, analowa ufumu wa Azulu. Dingiswayo ataphedwa ndi Zwide, mfumu ya fuko la Ndwandwe, Shaka analimbana ndi Zwideyo mpaka kumugonjetsa cha m'ma 1819. Kuchokera apo ufumu wa Azulu unakula kwambiri. Nandi anamwalira mu 1827. M'mwezi wa Seputembala mu 1828, Shaka anaphedwa ku Dukuza ndi abale ake a bambo mmodzi, Dingane ndi Mhlangana, mothandizidwa ndi mtumiki wake Mbopha.

Izi ndiye nsanamira za mbiri. Mofolo anazisunga pafupifupi zonse. Koma nsanamira zokha si nyumba. Mbiri imatiuza kuti munthuyu analowa ufumu liti ndipo anafa liti, koma siitiuza zomwe zinkayenda mumtima mwake usiku ali yekha. Mpata umenewu ndi womwe mlembi wa nthano amalowerapo.

Chaka wa m'nthano

M'buku la Mofolo, dzinali lalembedwa kuti Chaka, potsata kalembedwe ka Sesotho. Polemba mayeso, kusiyana kumeneku kungakuthandizeni: Shaka ndi munthu wa m'mbiri, Chaka ndi mpangankhani.

Chaka wa m'nthano akuyamba ngati mwana womvetsa chisoni. Akazi ena a Senzangakhona akuumiriza mwamuna wawo kuti athamangitse Nandi ndi mwana wake. Abusa anzake akumumenya tsiku ndi tsiku popanda chifukwa. Akupha mkango, kenaka akupha fisi yemwe anagwira mtsikana, koma m'malo momuyamika, anthu akumuchitira nsanje, mpaka bambo ake enieni akulamula kuti aphedwe. Pofika apa wowerenga aliyense ali kumbali ya Chaka.

Tsopano onani zodabwitsa zomwe mlembi anaikamo. Tsiku lina m'mamawa Chaka akusamba pa dziwe, chinjoka chachikulu, mwini madzi akuya, chikutuluka n'kumunyambita thupi lonse, ndipo mawu akulosera za ufumu wake. Atathawa kwawo, akukumana ndi sing'anga wotchedwa Isanusi, yemwe akudziwa zonse za moyo wake asanauzidwe. Isanusi akumutemera mankhwala ndipo akumupatsa anyamata ake awiri: Ndlebe, wa makutu akuluakulu, womva zinsinsi zonse za m'mudzi, ndi Malunga, katswiri wa nkhondo. Pomaliza Isanusi akumuuza kuti ngati akufuna ufumu woposa mafumu onse, mankhwala ake afunika magazi a munthu yemwe amamukonda koposa. Chaka akupha Noliwa, mkazi yemwe ankamukonda, mlongo wa Dingiswayo. Pambuyo pake akuphanso mayi ake.

Isanusi, Ndlebe, Malunga ndi Noliwa ndi anthu opeka. M'nthanoyi Chaka ndiye akusankha dzina loti Amazulu, koma m'mbiri dzinali linalipo kale iye asanabadwe, ndipo linachokera kwa kholo lawo lotchedwa Zulu. Pa za imfa ya Nandi, mzungu wamalonda Henry Francis Fynn, yemwe anali kumeneko pa nthawiyo, analemba kuti mayiyu anafa ndi matenda a m'mimba, ngakhale kuti nkhani zina zapakamwa zimaloza chala Shaka. Mofolo anasankha mbali yomwe ikugwirizana ndi cholinga cha nthano yake.

N'chifukwa chiyani anawonjezera zopeka?

Owerenga ena a nthawi yake anamufunsa funso lomweli. Mu 1928, m'nyuzipepala ya Leselinyana la Lesotho munatuluka yankho lake kwa mbusa wina yemwe anadandaula kuti bukuli lalakwitsa mfundo zina za mbiri. Mofolo sanakane. Anavomera kuti zolakwika zotere zilimo zambiri, koma anati sizimudetsa nkhawa popeza iye sankalemba buku la mbiri. Anafotokoza kuti anatenga zinthu zomwe zinachitikadi, nawonjezerapo zambiri ndi kuchotsapo zambiri, kuti zikwaniritse cholinga chake. M'buku momwemo mfotokozankhani amanenanso kuti sakufuna kukamba zonse za moyo wa Chaka, koma mbali imodzi yokha yomwe ikugwirizana ndi zomwe akufuna kuonetsa.

Nanga cholingacho chinali chiyani? Taganizirani za Isanusi. Sing'angayu samukakamiza Chaka. Nthawi ndi nthawi amamufunsa ngati akufunadi kupitirira, ndipo amamupatsa nthawi yoti aganize. Amamuuzanso poyera mtengo wa chomwe akufunacho. Nthawi zonse Chaka amasankha ufumu. Ndiye kuti Isanusi tingamuone ngati chithunzi cha dyera la ulamuliro lomwe lili mumtima mwa Chaka. Ndlebe akuimira ukazitape womwe wolamulira wankhanza amadalira, ndipo Malunga akuimira mphamvu ya nkhondo. Noliwa akuimira chikondi ndi umunthu. Pomupha, Chaka akupha mbali yabwino ya moyo wake womwe. Zatha izi, palibenso chomwe chingamukhutitse. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kumapeto kwa buku, Chaka akuzunzika ndi maloto oopsa a anthu omwe anawapha, ndipo abale ake akumubaya atatheratu kale mumtima.

Apa mwaona kuti zodabwitsa m'nthano sizikhalamo pofuna kungokometsa nkhani. Zimaonetsa poyera zinthu zobisika zomwe maso sangaone. Wolemba mbiri akanati, mfumuyi inkakonda ulamuliro, n'kuthera pomwepo. Wolemba nthano akutenga khumbo lomwelo, akulipatsa thupi, dzina ndi mawu, kuti ife tilione likukambirana ndi mwini wake.

Zaka 15 za kudikira

Mofolo anali atalemba Chaka pofika cha m'ma 1910, koma bukuli linasindikizidwa mu 1925. Chinachitika n'chiyani? Makina osindikizira mabuku a m'Sesotho anali m'manja mwa amishoni, ndipo iwo anagawanika maganizo. Ena ankaona kuti bukuli likupatsa ulemu miyambo yachikunja, popeza mankhwala a Isanusi amagwiradi ntchito ndipo mulibe mmishoni wobwera kudzakonza zinthu kumapeto. Ankaopa kuti Akhristu atsopano abwerera ku zakale. Ena ankaona kuti bukuli likuphunzitsa bwino lomwe za kuopsa kwa tchimo. Mkanganowu unatenga zaka, mpaka mbali yofuna kusindikiza inapambana.

Pa nthawiyi Mofolo anali atachoka kale ku Morija mu 1910. Anagwira ntchito yolemba anthu opita ku migodi ya ku South Africa, ntchito yomwe agogo athu a m'masiku a Wenela akuidziwa bwino. Anachitaponso malonda a sitolo. M'zaka za m'ma 1930 anagula munda waukulu ku Griqualand East, koma lamulo la malo la mu 1913, lomwe linkaletsa anthu akuda kugula malo m'madera ambiri a South Africa, linamulanditsa mundawo. Anabwerera kwawo ali wosauka ndi wodwala, ndipo anamwalira ku Teyateyaneng mu 1948. Chaka ndilo linali buku lake lomaliza kusindikizidwa iye ali moyo.

Phunziro lake ndi ili: buku lomwe lili m'manja mwanu ladutsa m'manja mwa anthu ambiri. Mwini makina osindikizira ali ndi mphamvu yosankha nkhani zomwe mtundu wa anthu uwerenge. Mukamawerenga mabuku oyambirira a m'ziyankhulo za mu Africa, ndipo mukaona kuti ambiri amathera pa kutembenuka mtima kwa mpangankhani wamkulu, kumbukirani yemwe ankasindikiza.

Bukuli litatuluka

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Litangotuluka, buku lomwe linakanidwa lija linayenda kutali kuposa mabuku ena onse a pa Morija. F. H. Dutton analimasulira m'Chingerezi mu 1931. Victor Ellenberger analimasulira m'Chifalansa mu 1940, ndipo kudzera m'kumasulira kumeneku linafika kwa alembi a kumadzulo kwa Africa. Léopold Sédar Senghor wa ku Senegal analemba ndakatulo yake ya Chaka yomwe inatuluka mu 1956, momwe mfumuyi ikuoneka ngati munthu wodzipereka chifukwa cha anthu akuda. Mazisi Kunene, mlakatuli wa Chizulu, anatulutsa ndakatulo yaitali yotamanda Shaka mu 1979. Daniel Kunene anamasuliranso buku la Mofolo m'Chingerezi mu 1981. Mu 2002, pa mndandanda womwe unakonzedwa ndi chionetsero cha mabuku cha ku Zimbabwe, Chaka linaikidwa m'gulu la mabuku 12 opambana pa mabuku 100 a mu Africa a m'zaka za m'ma 1900.

Onani kuti munthu mmodzi yemweyo, kwa Mofolo ndi chenjezo, kwa Senghor ndi mpulumutsi, kwa Mazisi Kunene ndi womanga mtundu. Ngakhale olemba mbiri nawo amatsutsana. Zambiri zomwe dziko linayamba kumva za Shaka zinachokera kwa amalonda achizungu monga Fynn ndi Nathaniel Isaacs, yemwe buku lake linatuluka mu 1836. Anthuwa anali ndi zofuna zawo ku Natal, ndipo zinkawakomera kuti mfumuyi ioneke yankhanza zedi. Mu 1988 katswiri wa mbiri Julian Cobbing anatsutsa maganizo oti chipwirikiti chonse cha nthawiyo chinayamba ndi Shaka yekha. Lero akatswiri ambiri amatchulanso chilala, kulimbirana malonda a minyanga ya njovu ku Delagoa Bay, malonda a akapolo, ndi magulu a zigawenga za mfuti ndi akavalo ochokera ku Cape. Choncho ngakhale buku la mbiri muyenera kuliwerenga ndi maso otsegula.

Nkhaniyi ikutikhudza bwanji?

Ikutikhudza m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya Angoni. Zwide atagonja, magulu ena omwe anali kumbali yake anasamuka kulowera kumpoto. Gulu la Zwangendaba linawoloka mtsinje wa Zambezi mu Novembala 1835, tsiku lomwe kunachitika kadamsana. Zidzukulu za gululi ndi Angoni a M'mbelwa ku Mzimba ndi a Mpezeni ku Chipata. Gulu lina, la Maseko, ndi lomwe linadzakhazikika ku Ntcheu ndi ku Dedza. Nkhani ya kuwoloka Zambezi ndi chitsanzo chabwino cha phunziro lathu. Kadamsanayo anachitikadi, ndipo ndiye amathandiza akatswiri kudziwa chaka chenicheni. Koma m'nkhani zapakamwa muli zina zodabwitsa, monga zoti mtsogoleri anamenya madzi ndipo anagawikana. Mbiri ndi nthano zayendera limodzi m'nkhani imodzi.

Njira yachiwiri ndi ya alembi athu. Bungwe la ku London loona za ziyankhulo ndi chikhalidwe cha mu Africa, lomwe linathandiza kutulutsa Chaka m'Chingerezi mu 1931, linkachititsanso mipikisano yolemba mabuku m'ziyankhulo za mu Africa. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anapambana pa mpikisano wotere ndi buku lake la Nthondo, lomwe linatuluka mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934. Ntara yemweyo analembanso Mbiri ya Achewa, lomwe ndi buku la mbiri, ndi Msyamboza, lomwe limafotokoza moyo wa mfumu yomwe inakhalakodi. Monga Mofolo, iye anali mphunzitsi wa pamishoni, wotola nkhani kwa akuluakulu, wodalira makina a mishoni. Mafunso omwe tafunsa pa Chaka mukhoza kuwafunsanso pa mabuku akewa.

Zoyenera kukumbukira polemba mayeso

Choyamba, siyanitsani munthu wa m'mbiri ndi mpangankhani. Funso likakhala la nthano, umboni wanu uchokere m'nthanomo.

Chachiwiri, mukapeza kuti mlembi wasintha mfundo ya mbiri, musathamangire kunena kuti walakwitsa. Fotokozani chomwe wasintha, kenaka nenani phindu la kusinthako pa mfundo yaikulu ya nkhani.

Chachitatu, mukakumana ndi zodabwitsa monga mizimu, maloto, zilombo kapena mankhwala, dzifunseni kuti zikuimira chiyani m'moyo wa mpangankhani.

Chachinayi, onani ngati mpangankhani anali ndi mwayi wosankha. Tsoka la Chaka likumvetsa chisoni chifukwa anayamba ngati wolakwiridwa, koma anatsiriza ngati wolakwa mwa kufuna kwake.

Chachisanu, dziwani nthawi yomwe buku linalembedwa, yemwe analilemba, ndi yemwe analisindikiza. Zinthu zitatuzi zimaumba nkhani.

Mafunso oyeserera

1. Tchulani apangankhani atatu opeka m'buku la Chaka ndipo fotokozani chomwe aliyense akuimira.

2. Fotokozani zifukwa ziwiri zomwe amishoni a ku Morija anasiyanira maganizo pa zosindikiza bukuli.

3. Perekani mfundo ziwiri zomwe Mofolo anasintha kuchokera m'mbiri ya Shaka. Kodi kusinthako kunathandiza bwanji nthano yake?

4. Sankhani nthano yaitali imodzi ya Chichewa yomwe mwawerenga m'kalasi. Onetsani zomwe mlembi anatenga m'moyo weniweni ndi zomwe anapeka, ndipo fotokozani cholinga chake.

5. Funsani munthu wachikulire wa kwanu kuti akufotokozereni momwe mudzi wanu unayambira. Lembani nkhaniyo m'ndime zitatu, kenaka lembani mzere kunsi kwa mfundo zomwe mungathe kuzitsimikiza ndi umboni wina.